MATANI A PA PEPALA NDI MATANI A PA SIKELO

Pa mgodi uli wonse wa mkuwa pali tsiku limodzi pa mwezi limene makalaliki amaiwala nthawi ya nsima. Ndilo tsiku lotseka mabuku. Pa tsikulo mapepala ocokera kwa opima, kwa akapitao a pansi pa nthaka ndi kwa anthu a ku cigayo amakomana pa tebulo limodzi, ndipo kalaliki amayala pepala lalikulu la madanga atatu. Danga loyamba ndi la mwala umene akulu a mgodi analamula kuti utuluke mwezi umenewo. Laciwiri ndi la mwala umene watulukadi. Lacitatu, limene kawiri-kawiri limakhala laling'ono kuposa anzake, ndi la kusiyana kwa awiriwo.

Mnyamata amene wangotsiriza sukulu akapatsidwa pepala lotere amaseka mumtima, poyesa kuti wapatsidwa samu ya kucotsera imene anaidziwa asanayambe kubvala nsapato. Kucotserako nkosabvutadi. Cobvuta ndico kudziwa cimene nambala yotsalayo ikunena, ndiponso kulimba mtima kuilemba monga iliri pamene munthu wamkulu waimirira kumbuyo kwa mpando, akufuna kuti icepe. Anyamata a ku Chipata, Katete ndi Petauke akhala akupita ku migodi kuyambira masiku a agogo ao, ndipo ena a iwo adzakhala pa tebulo limenelo. Nkwabwino kuti akafike atalimvapo kale danga lacitatulo.

Kwao kwa anyamatawa mlimi naye ali ndi madanga ake atatu, ngakhale sawalemba. Cimanga cikamasula, iye amakwera pa culu nayang'ana munda wake, nanena mumtima kuti caka cino mutuluka ngolo 6. Atakolola, nkhokwe imamuuza kuti zatuluka 4 ndi theka. Mlimi wanzeru sakalipira nkhokwe. Amafunsa kumene ngolo imodzi ndi theka yapita: kaya anyani anadya, kaya ciswe cinagwetsa mapesi, kaya kaufiti anafoola mbali ya kumunsi, kaya diso lake lomwe ndilo linanama pa culu paja. Komabe mlimi ali ndi mwai umene munthu wa mgodi alibe. Munda wake amauona ndi maso, amauzungulira ndi miyendo, ndipo angathe kusenda cimanga cimodzi kuti aone ngati maso ake adzala. Munda wa mgodi uli pansi pa thanthwe, mumdima, ndipo palibe munthu amene anauonapo wonse.

Nanga tsono nambala ya m'danga loyamba icokera kuti? Icokera m'mabowo. Makina a mano a daimondi amabowola thanthwe, natulutsa mwala wautali woburungira, wonenepa ngati nzimbe. Mwalawo amauyala m'mabokosi monga unatulukira, amaung'amba pakati, ndipo theka lake amalipereka kwa opima miyala kuti anene mkuwa umene ulimo. Bowo laciwiri amalibowola capatali, lacitatu patalinso, kotero kuti pakati pa bowo ndi bowo pamatsala thanthwe lalikulu limene citsulo sicinalikhudze. Akatswiri amajambula mzere kucokera pa bowo ili kufika pa bowo ilo, nakhulupirira kuti mwala wa mkuwa wayenda monga yayendera pensulo. Nthawi zambiri amalasa, pakuti mkuwa wa ku Copperbelt unagona m'miyala yosanjikizana ngati mphasa zoyalidwa, yoyenda mtunda wautali osaduka. Koma mphasa zimenezo zinapindika ndi kukwinyika kale lomwe. Pena zimaonda, pena zimanenepa, pena zimatembenuka mwadzidzidzi pakati peni-peni pa mabowo awiri, pamene pensulo inapita coongoka.

Mbiri ya mgodi wa ku Luanshya ionetsa kutalika kwa ulendo wocokera pa kuona mkuwa kufika pa kuugulitsa. Mu 1902 William Collier anaombera cilembwe pafupi ndi mtsinje wa Luanshya, ndipo pamene nyamayo inagwera panali mwala wa maanga obiriwira a mkuwa. Ndico cifukwa cake mgodiwo unachedwa Roan Antelope, ndilo dzina la cilembwe m'Cingerezi. Koma mwala wa pamwambawo sunali wokopa a ndalama. Kunali kubowola kwa m'zaka za m'ma 1920 kumene kunaonetsa kuti pansi pake pali mwala wa mtundu wina, wamkuwa wosakanizika ndi sulufule, wocuruka ndithu. Ndipo mkuwa woyamba unatuluka mu 1931, zaka 29 cilembwe cija citafa. M'migodi ya masiku amenewo, matani 100 a mwala ankapereka matani 3 kapena 4 a mkuwa. Wowerenga asunge nambala imeneyi, pakuti itanthauza kuti mwa ngolo 100 zokwera kumwamba, 96 kapena 97 zasenza cinthu cimene palibe angacigule. Pa malonda otere, kulakwa kwa theka la tani pa matani 100 si kanthu kakang'ono iai.

Akadziwa, kapena akayesa kuti adziwa, mkuwa umene uli pansi, akulu a mgodi amaugawa m'zaka, zaka m'miyezi, miyezi m'masiku. Cigamulo cimeneci si loto cabe. Pa nambala imeneyo kampani imakongola ndalama, imalemba anthu nchito, imalonjeza ogula a kutali tsiku limene adzalandira mkuwa wao. M'masiku akale inkaitanitsiranso pa nambala yomweyo malasha a ku Wankie ndi mabogi a sitima. Kenaka nambalayo imatsika ngati msonkho, kucoka kwa mkulu wa mgodi kupita kwa womutsatira, kwa bwana wa cigawo, kwa bwana wa shifiti, kwa kapitao, mpaka ifike pa mapewa a munthu wa fosholo, amene sanaonepo pepala limene inabadwirapo.

Pansi pa nthaka, malo okumbamo mwala wa mkuwa amachedwa sitopu. Ndi cipinda cimene cimakula tsiku ndi tsiku. Obowola amabowola, amaika wonga m'mabowomo, anthu onse amacoka, mwala nuphulika nugwera pansi pamene amaukokera m'ngolo zacitsulo. Pa mapu a wopima malire a sitopu ndi mizere yoongoka bwino, koma wonga sudziwa kuwerenga mapu. Bowo likapatuka pang'ono, kapena wonga ukacuruka, thanthwe la pamwamba limene mulibe mkuwa limasweka pamodzi ndi mwala wabwino. Nthawi zina palibe wolakwa: dengalo ndi lofooka, ndipo limangoyoyoka lokha sitopu ikakhala yoyasama masiku ambiri. Mwala wacabe ukasakanizika ndi wabwino palibe amene angausankhenso mumdima muja. Wonse umakwera, wonse umayesedwa pa sikelo, wonse umalembedwa m'danga laciwiri. Kuli ngati kuthira madzi mumkaka: botolo lidzala msanga, koma wogula akalawa adziwa.

Pali bvuto linanso lotsutsana ndi limeneli. Mwala wabwino umatsala pansi. Wina umakanirira m'ngondya zimene wonga sunafikemo, wina uli m'nsanamira zimene anazisiya kuti zigwire denga ndipo pambuyo pake nkoopsa kuzicotsa, wina wakwiririka ndi thanthwe logumuka. Mwala wotsalawo suwawa mutu wa munthu pa tsikulo, cifukwa suoneka. Koma kampani inaulipirira kale pobowola, pokumba njira zofikako ndi popopa madzi, ndipo sitopu ikatsekedwa sudzatulukanso.

Wowerenga ayerekeze sitopu imene inalamulidwa kupereka matani 10,000 pa mwezi, a mkuwa wa matani 3 pa 100. Pa pepala ndiwo matani 300 a mkuwa. Mwezi utatha, sikelo inena kuti atuluka matani 11,000. Kapitao akondwa, bwana wa shifiti akondwa, ndipo kalaliki wosazindikira alemba m'danga lacitatu kuti mgodi wapyola ndi matani 1,000. Koma opima a ku cigayo apeza kuti mwalawo unali wa matani 2½ okha pa 100, ndiye kuti mkuwa wake ndi matani 275. Mgodi umene wapyola pa mwala waperewera ndi matani 25 pa mkuwa. Opima akatsika ndi zida zao nayesa cipindaco, angapeze kuti mwala wabwino umene unatuluka unali matani 9,000 okha, osenza matani 270 a mkuwa, ndipo matani 2,000 anali thanthwe la kudenga limene linabweretsa matani 5 basi. Motero matani 1,000 a mwala wabwino atsala pansi ndi matani ao 30 a mkuwa, pamene cingwe, magetsi, cigayo ndi thukuta la anthu zagwira nchito yokweza ndi kupera matani 2,000 a thanthwe. Mwezi umene unaoneka wabwino koposa ndiwo unadya ndalama kawiri. Munthu amene ayerekeza matani okha, osayerekeza mkuwa umene ulimo, sanayambe nkomwe kuwerenga.

Ngakhale danga laciwirilo, limene dzina lake likuti ndi la zotulukadi, liri ndi malilime angapo. A pansi amawerenga ngolo, ndipo ngolo iri yonse amaiyesa ya matani akuti-akuti. Koma ngolo yodzala mpaka kusefukira ndi ngolo ya matope ouma okakamira kunsi kwake zonse zimalowa m'buku ngati ngolo imodzi. Opima amayesa dzenje limene latsala, nawerengera mwala umene unalimo. A ku cigayo amayesa mwala pa lamba wouyendetsa, koma mwala wonyowa umalemera kuposa wouma, ndipo akapanda kucotsa kulemera kwa madzi amalemba madzi ngati mwala. Palinso mwala umene pa tsiku lotseka mabuku uli pa ulendo: wacoka m'sitopu, uli m'maenje otsetserekera kunsi kwa mgodi kapena pa mulu wa panja, ndipo a pansi auwerenga kale pamene a ku cigayo sanauone. Uwu si wotaika. Udzaoneka mwezi wa mawa. Ncifukwa cake munthu wodziwa saweruza mgodi ndi mwezi umodzi, koma amaika miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pamodzi kuti aone ngati kusiyanako kukubwerera kapena kukungokula.

Cocenjeretsa koposa ndi katengedwe ka mwala woyesa. Mnyamata amene watumidwa kukatapa mwala pa ngolo kuti ukapimidwe amakonda kutapa wosalala, wonga mcenga, cifukwa ndiwo umalowa bwino m'thumba. Miyala ikulu-ikulu amaisiya. Tsono mwala wa mkuwa wa sulufule ndi wosweka msanga, ndipo umacurukira m'zinyenyeswa zomwezo. Thumba lake likafika kwa opima limanena mkuwa wambiri kuposa umene uli m'ngolo monse. Mnyamatayo sananame, sanabe, sanagone pa nchito. Wangosankha cosabvuta kunyamula. Koma akacita cimeneco tsiku liri lonse, buku la pansi lidzalonjeza mkuwa umene cigayo sicidzaupeza, ndipo anthu a mbali ziwirizo adzakhala akulozana zala caka conse.

Pa migodi ya golide ya ku Johannesburg ndi kwina muyeso wa mkangano umenewu uli ndi dzina lake, Mine Call Factor. Amatenga citsulo cimene cigayo capeza, kuphatikiza ndi cimene cataika m'matope otsala, nacilinganiza ndi cimene opima a pansi ananena kuti atumiza. Ngati a pansi anati 300 ndipo a ku cigayo angathe kuonetsa 270 yokha, muyesowo ndi 90 pa 100. Ndi cida cabwino, koma ciri ndi msampha wake. Mgodi ukazolowera 90 caka ndi caka, anthu amayamba kungocotseratu 10 pa nambala iri yonse, mabuku nagwirizana, mafunso natha. Amakhala ngati mwini nkhokwe amene, podziwa kuti pali ciboo, amangouza mkazi wake kuti aziyembekeza cimanga cocepa, osapita kukamata.

Apa mpofunika kunena za ndalama, pakuti ndizo zimapotoza zala za wolemba. Pa migodi yambiri anthu a pansi amalandira mphotho yoonjezera akakwanitsa kapena kupyola nambala yao. Si cinthu coipa. Nchito ya pansi ndi yowawa, ndipo munthu ayenera kuona phindu la khama lake. Koma mphotho ikamangidwa pa matani okha, imaphunzitsa anthu kukonda thanthwe. Kapitao amene aona kuti pa bowo lotulutsira mwala payamba kutuluka wacabe ayenera kuleka kukoka pamenepo. Koma mwala wacabe umadzaza ngolo mofanana ndi wabwino, mwezi uli pafupi kutha, ndipo anthu ake ali ndi ana a sukulu.

Cimene cimatsatira cimacitika kawiri-kawiri motere. Madzulo a tsiku lotseka mabuku kapitao wacikulire, cisoti ciri m'manja, aima pa zenera la kalaliki.

"Mwana wanga, tatsala ndi ngolo 40 zokha kuti tikwanitse. Mawa m'mamawa zituluka. Ungozilemba lero."

"Pepani, bambo. Zimene zatuluka lero ndalemba. Za mawa ndidzalemba mawa."

"Kodi mwalawo ngwa atate ako? Uli pansipo, sukuthawa. Anthu 12 ataye ndalama cifukwa ca usiku umodzi?"

Kapitaoyo si mbala, ndipo mau ake ali ndi mbali yoona: mwalawo ulipodi. Mnyamata woleredwa bwino, amene anaphunzitsidwa kusabweza mau kwa akulu, amamva manyazi aakulu pa zenera limenelo. Koma ngolo 40 zobwereka kwa mwezi wa mawa ziyenera kubwezedwa, ndipo mwezi wa mawa udzayamba ndi ngongole. Pakutha pake padzafunika 60, kenaka 100, kufikira tsiku limene opima adzatsika nayesa dzenjelo, napeza kuti buku lakumba mwala wambiri kuposa umene anthu akumba. Tsikulo kapitao adzati sadziwa kulemba, ndipo dzanja limene liri m'bukumo ndi la kalaliki. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Mwala umene sunakwere ukali pa cala.

Kunena zoona, kalaliki wacikuda wa masiku a Citaganya anali ndi cifukwa cosasamalira danga lacitatu. Nchito za kupima, kujambula mapu ndi kulamula sitopu zinali za Azungu, ndipo iye ankangowerenga ngolo, osaonetsedwa cimene ngolozo zikulinganizidwa naco. Bungwe la anchito a m'migodi acikuda, limene linakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, linalimbana zaka zambiri ndi malipiro ocepa ndi mpanda umenewo. Mpandawo unagwa, ndipo ana a dziko lino anakhala opima ndi akulu a migodi. Amene walandira mpando walandiranso mlandu wa nambala zake.

Sikuti nthawi zonse danga laciwiri ndilo lolakwa. Nthawi zina anthu a pansi agwira nchito yao yonse, ndipo colakwika ndi lamulo limene anapatsidwa. Mabowo oyamba aja amanena bwino za mkuwa, koma amanena mocepa za madzi ndi za kulimba kwa thanthwe. Mgodi wa Nchanga, umene mwala wake unali wamkuwa wambiri, unadzala madzi mu 1931 usanapereke kanthu, ndipo sunayambe kutulutsa mkuwa kufikira 1939. Mgodi wa Bancroft, umene pambuyo pake unadziwika ndi dzina la Konkola, ku Chililabombwe, unayamba kutulutsa mkuwa mu 1957 pakati pa ciyembekezo cacikulu, pakuti mu 1956 tani ya mkuwa inapyola mapaundi 400 ku London. Koma madzi anali ocuruka, mwala sunatuluke monga mapepala ananenera, ndipo pofika 1958 mtengo unali utagwa kunsi kwa mapaundi 200. Mgodiwo unaima caka cimeneco, nuyambanso mu 1959. Konkola inakhala umodzi mwa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse lapansi, yopopa malita oposa mamiliyoni 300 pa tsiku, ndiye kuti madzi okwezedwa kumwamba amalemera kuposa mwala kambiri-mbiri. Pa mgodi wotere kukalipira kapitao cifukwa ca matani operewera kuli ngati kukalipira ng'ombe cifukwa ngolo yatitimira m'dambo. Danga lacitatu liyenera kuwerengedwa ndi amene analemba loyamba, ndipo ayenera kukhala wokonzeka kubvomera kuti pensulo yake ndiyo inasokera.

Dziko lonse nalo liri ndi pepala lake lotere. Mu 1969 Zambia inatulutsa matani a mkuwa oposa 700,000, ndipo caka comweco Boma linalengeza kuti litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Pofika caka ca 2000 mkuwa unali utatsika kufika pafupi ndi matani 250,000. Pakati pa zaka zimenezo mitengo inagwa, zida zinakalamba, ndipo nchito yokumba njira zatsopano ndi kubowola kofufuza, imene siibweretsa ndalama caka comweco, inkacedwetsedwa. Mgodi wosatsegula minda yatsopano umakolola m'minda yakale kufikira itatha. Mu 2024 dziko linatulutsa matani oposa pang'ono 800,000, ndipo Boma linaika m'danga loyamba matani mamiliyoni 3 pa caka pofika 2031. Nambala yaikuru yotere siidzatuluka pa msonkhano. Idzakhala ciwerengero ca masitopu ndi maenje zikwi-zikwi, ali onse ndi pepala lake la mwezi, ndipo idzakhala yoona monga momwe mapepalawo aliri oona.

Pali cinthu cimodzi cimene madanga atatu aja sangathe kusenza, ndico mtundu wa cimene catuluka pamene sicinayembekezeke konse. Pa pepala la tsiku ndi tsiku la bwana wa shifiti pamakhala malo ang'ono kunsi, olembapo mau. M'menemo mumalembedwa zinthu zonga izi: madzi acuruka pa malo akuti, denga likulira, pa bowo lakuti patuluka dothi lonyowa m'malo mwa mwala. Kalaliki wothamangira kuonkhetsa matani amalumpha mau otere, cifukwa sangathe kuwaika pansi pa mzere ndi kuwaphatikiza.

Ku Mufulira, mgodi umene unayamba kutulutsa mkuwa mu 1933, njira ya kakumbidwe inali yakuti mwala ukacotsedwa, thanthwe la pamwamba pake lizigumuka lokha ndi kudzaza malowo. Kugumukako kumakwera pang'ono-pang'ono m'zaka zambiri kufikira kufika kunja, nthaka nititimira. Matope osalala otsala ku cigayo, amene amatuluka mkuwa utacotsedwa, anatayidwa kwa zaka zambiri pamwamba pa nthaka yotitimirayo, ndipo madzi anakhala pamenepo. Zizindikiro zinaoneka: pamwamba panatseguka maenje m'matopemo, ndipo pansi panatulukapo matope pa malo ena okokera mwala. Usiku wa pa 25 Sepitembala 1970, kusanace, matope pafupi-fupi matani miliyoni imodzi anaboola nalowa mumgodi, natsika m'njira ndi m'maenje mwa kanthawi kocepa. Anthu 89 a shifiti ya usiku anafa. Mgodi umene unali umodzi mwa yaikuru ya pansi pa nthaka m'dzikoli unatenga zaka kuti ubwerere pa mphamvu yake, ndipo nambala zonse zimene zinalembedwa m'danga loyamba la caka cimeneco ndi cotsatira zinasanduka mapepala acabe.

Palibe kalaliki amene akanaimitsa matope amenewo ndi colembera, ndipo mlandu wa malo otayirapo matope unali wa anthu okhala pa mipando yapamwamba kwambiri kuposa wake. Koma nkhaniyi ionetsa cifukwa cake kulinganiza zolamulidwa ndi zotuluka sikuthera pa matani ndi mkuwa. Mapu amanena kuti pa bowo lakuti payenera kutuluka mwala wouma wa mtundu wakuti. Pakatuluka cina, ngakhale ngolo zitatu zokha, ndiye kuti pamwamba pa bowolo pali cimene mapu sacidziwa. Ngolo zitatu pakati pa ngolo zikwi sizisintha nambala ya mwezi. Sikelo imaziyesa ngati zinzake, ndipo danga lacitatu lingathe kuonetsa kuti zonse zakwana.

Masiku ano opima amayesa sitopu ndi makina a kuwala amene amajambula dzenje lonse popanda munthu kulowamo, ndipo kompyuta imaika cithunzico pamwamba pa mapu, nionetsa ndi mitundu pamene thanthwe lasweka mopyola malire ndi pamene mwala wabwino watsala. Samu imene inkadya masiku atatu imatha munthu asanamwe tiyi. Koma thumba la mwala woyesa likutapidwabe ndi dzanja la munthu, ngolo ikulembedwabe ndi munthu wodziwa kuti mphotho yake iri pa ngoloyo, ndipo kapitao akubwerabe pa zenera madzulo a tsiku lotsiriza. Pa migodi yoyenda bwino, pepala la mwezi likatha silipita m'kabati. Wopima, katswiri wa miyala, bwana wa cigawo ndi munthu wa ku cigayo amakhala pansi pamodzi nayenda sitopu ndi sitopu, ndipo kalaliki amaitanidwa kuti abwere ndi mapepala a mashifiti onse a mweziwo, pamodzi ndi mau a kunsi aja.